Manijala Wasowa M'nyumba Yotseka

M'mawa wa tsiku loti apongozi ake atuluke m'chipatala, Nachete anapeza chakudya cha mphaka chili momwe anachisiyira. Anagogoda mbaleyo ndi supuni monga mwa masiku onse, nadikira. M'nyumba munali zii.

Mphakayo dzina lake anali Manijala. Anamutcha choncho ndi apongozi akewo, poti ntchito sankagwira koma ankayendera ya aliyense. Ukamakolopa, iye ankadutsa pomwe wakolopapo kuti aone ngati pawala. Anali wonenepa, wakuda bii, ndi kabanga koyera pakhosi ngati tayi, ndipo chibadwire chake anali asanapondepo panja. Kuyambira pomwe amuna awo anamwalira, mayiwo ankadya naye, kucheza naye, ngakhale kumudandaulira za nyamakazi.

Popita ku opaleshoni ya ng'ala, mayiwo sanaitane mwana wawo wamwamuna, kapena wamkazi amene ankakhala msewu wachiwiri kuchokera pamenepo. Anaitana Nachete.

"Uyu ndikusiyirani inu. Asatuluke."

Mawu anali omwewo basi. Koma kwa munthu amene anakhala m'nyumbamo zaka zambiri osagwirako ngakhale kiyi wa kabati ya mbale za alendo, mawuwo anali aakulu. Nachete anawasunga ngati dzira. Aka kanali koyamba apongozi ake kumusiyira chinthu chimene ankachikonda.

Anayamba kufufuza mwaulemu. Anasuzumira pansi pa bedi, kuseri kwa makatani, m'dengu la zovala zochapa. Mazenera onse anali otseka, chitseko chokhoma. Mwamuna wake, mmisiri wokonza masofa, anali atachoka kale kukatenga amayi ake, ndipo potuluka anaponyera kiyi mkati kudzera pansi pa chitseko kuti asamudzutse.

Mmisiriyo anali atalawirira kumaliza mphatso yake. Pabalaza panali mpando wa amayi ake, wakale, wa mikono ikuluikulu, umene nsalu yake yapansi inang'ambika kalekale n'kumalendewera ngati mimba ya mbuzi ya bere. Nthawi zonse akafuna kuukonza, mayiwo ankangoti, "Usiye." Iye zinkamuwawa. Munthu wokonza mipando ya tauni yonse, alendo n'kumaona wa amayi ake uli choncho! Ndiye ataona kuti mwini wake wagonekedwa, anaugwetsa chagada, kuika siponji yatsopano, ndipo m'mawa umenewo anakhomera nsalu yapansi mothamanga, naudzutsa.

Nachete anayang'ananso pansi pa mpandowo. Panali posalala bwino, fumbi lomwe panalibe.

"Ambuye," ananong'ona, tsaya lili pasimenti, "ndikudziwa muli ndi nkhani zikuluzikulu. Koma mukapeza kampata, ndi mphaka."

Pakhomo panamveka kugogoda kwamphamvu. Anali alamu ake, achemwali a mmisiri, omwe anamupatsa dzina la Nachete lija chifukwa cha kuchepa mawu kwake. Iwo mawu anali nawo okwanira banja lonse. Analowa atanyamula buledi ndi maluwa apulasitiki.

"Alamu, nkhope imeneyi bwanji? Kwagwanji?"

"Manijala sakuoneka."

Alamuwo anatula buledi pang'onopang'ono. "Mwatsegula chitseko?"

"Ayi."

"Zenera?"

"Ayi."

"Ndiye sanasowe, wangopita ku msonkhano. Mamanijala amatero." Anadziponya pampando wokonzedwa kumene uja, nadumphapo kawiri. "Eee, koma mchimwene wanga manja ali nawo! Pamenepa ndiye pa ofesi. Tiyeni, yambani kuchipinda, ine ndizikuuzani."

Ndipo anamuuzadi. Nachete anatulutsa masutikesi onse pamwamba pa wadiropu, anakhuthula madirowa, anasuzumira m'nsapato za mvula. Anapeza ambulera imene inasowa chaka chatha, chipewa cha malemu apongozi ake aamuna, ndi masupuni ang'onoang'ono amene ankaganizira alendo osalakwa. Anawapepesa mumtima alendowo, mmodzimmodzi.

"M'firiji mwaonamo?" anafuula alamu ali pabalaza.

"Angatsegule yekha, alamu?"

"Manijala amene uja? Akhoza kutuma munthu."

Nachete anatsegula firiji, kenako uvuni. Anakwera patebulo ndi tochi, nakankha kachitseko ka kudenga, fumbi n'kumuthira kumaso. Anatsika ali mbuu ngati wochokera kuchigayo. Alamuwo anamuyang'ana, nayesetsa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka.

"Pepani alamu, si inu ndikuseka, ndi fumbilo."

Kenaka anatsegulitsa chitini cha nsomba kuti fungo limukoke. Nachete anazungulira nacho nyumba yonse atachikweza m'mwamba, akuitana motsitsa, "Manijala, Manijala, pusi." Alamuwo anati akuitana ngati akupempha mchere kwa aneba, ndipo anamuonetsa maitanidwe ake, mpaka galu wa nyumba yoyandikana anayankha. Mphaka sanabwere. Patapita kanthawi, alamuwo anati nsomba yotsegula siichedwa kuonongeka, naidyera buledi uja.

Foni ya Nachete inalira. Anali mwamuna wake.

"Tanyamuka, mayi. Zayenda bwino. Mpando usawauze, ndikufuna aukhale kaye."

"Abambo, potuluka paja..."

"Ndinatseka bwinobwino. Bwanji?"

"Palibe. Yendani bwino."

Anakhala pansi pakati pa masutikesi, manja ali lende. Sanali kuopa kukalipiridwa. Apongozi ake sankakalipa, ankangoti "chabwino," ndipo chabwino ameneyo ankatha zaka.

Alamuwo anatsitsa mawu, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Tamverani. Mayi wogulitsa makala kuseri kuno ali ndi mphaka wakuda. Amayi diso limodzi lili m'bandeji, linalo ndi la ng'ala lomwe lija. Mphaka wakuda ndi mphaka wakuda."

"Nanga tayi?"

"Paudala ndili naye m'chikwamamu."

"Ujatu ndi wowonda, alamu. Ndiponso amaluma."

"Tidzati wawonda ndi kupukwa. Kulumako tidzati wakwiya kuti anamusiya."

Nachete anailingalira nzeruyo nthawi yaitali kuposa momwe akanafunira kuti Mulungu aone. Anaganizadi za njira yachidule yopita kwa mayi wa makala. Kenaka anaona m'maganizo mwake dzanja la apongozi ake likusisita msana wachilendo, likufunafuna, ndipo anapukusa mutu.

Alamuwo anausa moyo, napukuta mafuta a nsomba pamilomo. "Chabwino. Ndiye tizinena kuti ndine. Ndinabwera, ndinasiya chitseko pululu, watuluka. Ine anazolowera kundinena, khungu langa linakhuthala. Inu simungathe."

Nachete anawayang'ana. Zaka zonsezi ankawaona ngati wailesi yopanda pozimitsira. Anangowachotsa kanyenyeswa ka buledi pabulauzi.

"Zikomo, alamu. Koma anasiyira ine."

Galimoto inaima panja. Anakankhira masutikesi kuchipinda mothamanga, ndipo Nachete anapukuta kumaso ndi nsonga ya epuloni. Mmisiri analowa chafutambuyo, atagwira amayi ake manja onse awiri, akuwawerengera masitepe ngati mwana wophunzira kuyenda. Mayiwo anali ndi bandeji yaikulu kudiso lamanzere, ndipo ankaoneka ochepa thupi kuposa momwe anachokera.

"Muno mukununkha nsomba," anatero asanapereke ndi moni womwe.

"Takulandirani amayi!" anafuula alamu, akudzuka pampando paja. "Khalani apa, ndakufunditsirani."

Mayiwo anakhala. Anapapasa mikono ya mpandowo, nadinikiza siponji ndi chala.

"Mpando uwu si wanga."

"Ndi wanu, amayi," anatero mmisiri, chifuwa chili patsogolo. "Ndangoupatsa moyo. Siponji yatsopano, masipuling'i ndamanga, pansi ponse ndatseka. Ukhala zaka zina makumi."

Mayiwo sanamve bwino zomalizazo, chifukwa mutu unali utatembenukira kale kukhitchini. Anatsitsa dzanja pambali pa mpando, zala zikusisita mphepo pamalo pomwe mutu wa mphaka unkafikira.

"Manijala ali kuti?"

Alamu anatsegula pakamwa. Nachete anawagwira mkono, nanjuta pafupi ndi mawondo a apongozi ake.

"Amayi, Manijala sindikumuona chiyambire m'mawa. Chitseko sindinatsegule. Ndafuna ponse, mpaka kudenga. Munandisiyira ine, ndipo sindikudziwa komwe ali."

Anali mawu ambiri kuposa amene ananenapo kwa iwo nthawi imodzi. Mmisiri anangoti kukamwa yasa. Dzanja la mayiwo linabwerera pamwendo pang'onopang'ono. Nachete anatseka maso kudikira "chabwino" uja.

M'malo mwake, panamveka kaphokoso. Kanali kapansipansi, kosalekeza, ngati injini ya galimoto yoima patali.

Alamu anasuzumira amayi awo mwachifundo. "Amayi, kuchipatalako sanakupatseni chakudya?"

"Si mimba yanga imeneyo."

"Ndi masipuling'i," anatero mmisiri mwaukatswiri. "Akakhala atsopano amayamba akhazikika kaye."

"Masipuling'i ako amapuma?" Mayiwo anaika chikhatho pa mkono wa mpando, nakhala phee, akumvetsera. Kaphokoso kaja kanakula. "Iwe. Unati pansi watani?"

"Ndatseka, amayi. Nsalu yolimba, timisomali mzere wonse..."

"Bowo lija linali khomo lake! Akamva phokoso amalowa mmenemo, n'kukwera mpaka m'mkono muno. Ukuganiza ndinkati usiye chifukwa ndimakonda nsanza?"

Mmisiri anayang'ana mpando, nayang'ana mkazi wake, nayang'ananso mpando. "Komatu ndinaugwetsa chagada. Ndinakhoma ndi hamala. Sanalire n'komwe."

"Alire kwa iwe? Ndidzutseni!"

Anawadzutsa. Mmisiri anapendeketsa mpandowo mosamala, natenga pulayala, nayamba kuzula timisomali kamodzikamodzi kuti nsalu isaonongeke.

"Ukutani tsopano?" anafunsa mayiwo, atatsamira phewa la Nachete.

"Ndikuzula bwinobwino, amayi. Nsaluyi ndi yabwino."

"Ng'amba!"

Munthu wamkuluyo anapumira m'mwamba, natseka maso, nang'amba ntchito ya manja ake. Onse anawerama kusuzumira mumdimamo. Kwa kanthawi sikunatuluke kanthu. Kenaka kunatuluka mwendo umodzi, wina, ndi tayi yoyera ili ndi nyenyeswa za siponji. Manijala anadziwongola kutsogolo, nadziwongola kumbuyo, nayasamula. Ananunkhiza nsalu yong'ambikayo, nayang'ana mmisiri monga momwe bwana amayang'anira wantchito amene sakhalitsa. Atatero anapita kukadzikhuza pa miyendo ya mwini wake.

Alamu anagwira m'chiuno. "Ndiye kuti m'mawa wonsewu ine ndakhalira Manijala? Ndimvekere siponji ya masiku ano ndi yofunda! Iwe mphaka iwe, sukanangotsokomola?"

"Akanapeza mpata wake uti?" anatero mayiwo. "Iwe ukayamba kuyankhula, ngakhale wotchi imadikira."

Mmisiri anaseka, koma amayi ake atatembenukira komwe kunachokera kusekako, anasiya msanga n'kuyamba kutola timisomali.

Anaudzutsa mpandowo, mimba yake ikulendeweranso ngati kale. Mayiwo anakhala, mphaka anakwera pamiyendo, injini ija n'kuyambiranso. Nachete anafuna kuzemba kuti akabweze masutikesi, koma dzanja la apongozi ake linali lisanamusiye. Linakwera kuchoka pamkono, kufika paphewa, mpaka kutsitsi, n'kubwerako ndi ulusi wa kangaude.

"Kudenga munakweradi?"

"Eya, amayi."

"Pa chiyani?"

"Patebulo."

"Tebulo la mwendo wogwedera lija?" Mayiwo anapukusa mutu. Anapukuta chala pa diresi lawo, nakhala kanthawi akusisita mphaka. "Mwana wanga wamkaziyu ndikumudziwa. Anakuuzani kuti mundinamize chiyani?"

"Amayi!" anadandaula alamu. "Ine?"

Nachete anayang'ana pansi. "Anafuna kusenza mlandu wanga, amayi. Kuti mukalipire iwo."

Za paudala sanatchule, ndipo anakhulupirira kuti Kumwamba amvetsa. Alamuwo anayamba kukonzakonza maluwa awo apulasitiki amene sankafunika kukonza.

"Adokotala akuti bala likapola ndibwererenso, akakonze diso linali," anatero mayiwo. "Manijala ndidzasiyira inu."

"Chabwino, amayi."

"Ndi uyunso." Analoza ndi chala molunjika pa kabati, poti ndi komwe ankaganiza kuti mwana wawo wamwamuna waima. "Mudzamulande hamala."

"Ndili kuno, amayi," anatero mmisiri ali mbali inayo.

"Kulikonse komwe uli."