Zovala pa Chingwe ku Woodlands

Nyumba zanga zinayi za ku Woodlands zakhala zopanda anthu chaka chathunthu. Ndinazimanga ndi penshoni ya malemu amuna anga, ba Katongo, nthawi imene ogwira ntchito m'mabungwe ankalimbirana nyumba zotere. Ntchito zitatha, onse analongedza n'kupita. Ndinakhoma chikwangwani cha lendi, koma chinangoitana akuba, omwe anazula mipope ya nyumba imodzi. Ndinachichotsa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndimakwera minibasi ku Kabwata, komwe ndimakhala, nditasenza zovala za ba Katongo. Ndimazinyowetsa n'kuziyanika pa zingwe zonse kuti odutsa aziyesa muli anthu. Mayi wamkulu ngati ine, kuchapira munthu amene ali kumanda!

Lachinayi, Cathy wogulitsa tomato pageti anandiimitsa.

"Amayi, dzulo kunabwela banja pa galimoto, kufuna nyumba. Ataona malaya ali mbwee, anati muno mwadzaza. Anapita."

"Nanga iwe unalibe pakamwa?" ndinamukalipira.

"Inenso ninayesa mwapeza anthu."

Ndinaanula zovala zonse ndikutukwana, n'kuuyamba wa kunyumba. Ndili pasiteji, ndinakumbukira mipope ya nyumba zitatu zotsalazo. Ndinabwerera, n'kukayanikanso zovala zija.