Sensa Imene Ndinachotsa Ndekha

Ine ntchito yanga ndi yosunga mafayilo mu ofesi ya sukulu. Za galimoto ndinkadziwa kuthira petulo, kupopa matayala, ndi kutsegula boneti n'kuimirira pamenepo manja ali m'chiuno. Koma nditagula kagalimoto kanga koyamba, kakale ndithu, ndinayamba kudzimva uinjiniya.

Kagalimotoko kankachita ulesi pa chitunda chopita kuntchito. Mnzanga wa mu ofesi, amene timamutcha Pulofesa chifukwa palibe nkhani imene saidziwa, anandiuza kuti vuto ndi kachipangizo kamene amamangirira pa paipi ya utsi. Anati dzina lake ndi sensa, ntchito yake ndi kununkhiza utsi n'kumakanena ku kompyuta ya galimoto, ndipo ndi kameneko kamaimana injini mafuta. Ndikangokachotsa, galimoto idzakwera chitundacho ikuseka. Sindinamufunse kuti iyeyo wachotsapo zingati. Pulofesa amabwera kuntchito pa njinga.

Loweruka m'mawa ndinabwereka jeke ndi sipanala kwa aneba, ndinayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Sensayo inali itagwira dzimbiri. Ndinalimbana nayo maola awiri, sipanala inaterereka katatu n'kundisupula zala. Waya wake ndinalephera kuona pozulira, choncho ndinangodula ndi sizasi ya m'khitchini. Bowo lotsalalo ndinatseka ndi bawuti, kenako ndinapita kukaonetsa mayi a kunyumba chimene ndachotsa. Iwo anayang'ana magazi pa zala zanga n'kufunsa ngati opanga galimotoyo anaikamo chinthucho mwangozi. Ndinawayankha kuti zinthu zina n'zovuta kumufotokozera munthu amene sadziwa za injini, ndipo ndinachiponya m'bini iwo akuona.

Nditaliza galimoto, kagetsi kachikasu kojambulidwa ngati injini kanayaka pa dashibodi, osazimanso. Ndinaimbira Pulofesa. Anati ndizule batire kwa mphindi khumi kuti kompyuta iiwale. Inaiwaladi, pamodzi ndi wotchi ndi mawayilesi onse amene mayi a kunyumba anatchera. Kagetsiko kanazima ndipo ndinagona ngati munthu wanzeru. Lolemba pobwera kuntchito kanayakanso. Ndinazula batire kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinatopa. Ndiye ndinadula tepi yakuda n'kumata pagalasi pamene kankawalira. Ndinadziuza kuti vuto ndathana nalo.

Galimoto sinawonjezere liwiro ngakhale pang'ono. Chimene inawonjezera ndi ludzu. Petulo wa sabata yonse ankatha Lachinayi, kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda, ndipo ndikaima pa maloboti inkanjenjemera ngati ikumva malungo.

Patapita milungu itatu, apongozi anga aakazi anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala kokayezetsa maso. Anakhala kutsogolo, kachikwama kali pamiyendo. Kunatentha tsiku limenelo, ndipo tepi ija inamatuka n'kulendewera. Apongozi, amene tinkati maso awo akufa, anali oyamba kukaona kagetsiko. Anafunsa kuti kakutanthauza chiyani. Ndinati kamasonyeza kuti injini ili bwino. Titafika pakati pa chitunda, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Zikomo bambo, ndayenda mokwanira. Kotsalaku ndimaliza ndi miyendo," anatero apongozi akutsika mwaulemu.

Mawa lake ndinaikoketsa galimotoyo mpaka ku galaja ina kuseri kwa msika. Makaniko wake anali mayi wachikulire wosalankhulalankhula, magalasi atawamangirira ndi chingwe m'khosi. Ndinawauza kuti kagetsiko kanangoyaka kokha m'mawa wina. Analumikiza kamakina kawo kunsi kwa chiwongolero, anawerenga, kenako anagona pa thabwa la matayala n'kulowa kunsi kwa galimoto. Atatuluka anati sensa palibe. Ine ndinadabwa kwambiri, n'kunena kuti ayenera kuti ndi amene anandigulitsa galimotoyo, anthu a masiku ano.

"Amene anakugulitsaniyo ali ndi zala ngati zanuzo?" anafunsa akupukuta manja.

Ndinayang'ana zipsera zanga n'kuzibisa m'thumba. Anandifotokozera kuti kompyuta ikasowa uthenga wa sensa imangothira mafuta mongoganizira, ndipo mapulagi anga anali atada bii ndi mwaye, n'chifukwa chake injini inazima. Kuzula batire kunali ngati kutseka pakamwa mwana wodwala. Anafunsa ngati sensayo ndikadali nayo. Ndinati inapita ndi zinyalala. Anati ndifunse kaye kunyumba, poti pa ntchito yawoyi aona zambiri.

Ndinaimba foni nditatembenukira kukhoma. Mayi a kunyumba anandisiya ndifotokoze zonse, ndikuzungulirazungulira, mpaka mawu anandithera. Ndiye anati anaitola m'bini tsiku lomwelo, ili m'kabati mu jumbo, ankangodikira kuti ndidzaifunsa liti.

Anabwera nayo okha pa minibasi. Makaniko anaiyeza n'kupeza kuti ilibe vuto lililonse kupatula waya amene ndinadula. Anaulumikiza, anatsuka mapulagi, anamangirira sensa pamalo pake, n'kudina kamakina kaja. Kagetsi kanazima. Anandiuza ndizungulire msika kawiri, ndipo sikanayakenso. Ulesi wa pa chitunda uja, anati, unali wa fyuluta ya mpweya imene inadzaza fumbi. Anaisintha ine ndisanamalize kufunsa kuti imakhala pati.

Nthawi yonseyi azimayi awiriwo ankacheza ngati anadziwana kalekale. Ine ndinapatsidwa ntchito yogwira tochi, masanasana. Potsanzikana, makaniko analemba nambala yawo ya foni pakapepala, anandidutsa ine mwini galimoto, n'kukapereka kwa mayi a kunyumba.

"Kakadzayakanso muimbe ndinu, mayi. Iwowa musawauze msanga."

Pobwerera kunyumba galimoto inkayenda mofewa, osanjenjemera. Tisanafike n'komwe pa maloboti achiwiri, ndinali nditayamba kale kuwafotokozera mayi a kunyumba mmene sensa imagwirira ntchito, ndi kuopsa kochotsa zinthu zimene munthu sukuzidziwa. Ndinkalankhula ndi dzanja limodzi lili m'mwamba, ngati mphunzitsi.

"Bambo a mwana," anatero akuyang'ana pawindo, "gwirani chiwongolero ndi manja awiri."