Mphutsi za Kuseri kwa Tikiti

Lachiwiri pa 11 Juni, nthawi ili 11:20 m'mawa, Mayi Edina Chikadza anagona m'basi yochokera ku Dedza, ndipo analota atafika kale pa bwalo la ndege.

Ulendo unali wa kwa mwana wawo Ndaziona, amene anachira Lachisanu pa 7 kutsidya kwa nyanja. Anabereka mwana wamwamuna, ndipo kumeneko kunalibe munthu wamkulu woyang'anira mchombo. Mayiwo anali atawerenga masiku: mchombo udzagwa cha pa 14. Ukagwera pakati pa miyendo ya khanda, ndiye kuti mbeu yathera pomwepo.

Pansi pa bwalolo panali thope la m'khola la nkhumba, lofika m'akakolo. Anthu anaima pamzere ndi nsapato zopolisha, osadandaula.

Mtsikana wa kampani ya ndege pa kauntala anali ndi nkhope ziwiri. Yakutsogolo anaizindikira. Ndi yomwe inawagulitsa tikiti Loweruka pa 8, ikumwetulira, n'kuwafunsa zinthu zitatu: dzina, mpando wa pawindo kapena ayi, nkhuku kapena nsomba. Mtsikanayo anatembenuza mutu. Nkhope yakunkhongo inatenga pasipoti n'kumanyambita chala pa tsamba lililonse, mpaka malovu anayenderera pa chithunzi chawo.

"Viza ili kuti, mayi?"

Mayi Chikadza anafotokoza mwadongosolo tsiku, ola, ndi mafunso atatu aja, ndi kuti liwu loti viza silinatuluke pakamwa pa munthu aliyense. Nkhopeyo inati zonse zinalembedwa kuseri kwa tikiti.

Mayiwo anatembenuza pepalalo. Timalemba tating'ono tinali kuyenda. Zinali mphutsi, zonenepa, zondondozana m'mizere, ndipo tikiti inanunkha ngati nyama yomwe yagonera masiku anayi. Anakwanitsa kuwerenga ndime yachisanu ndi chinayi isanakwawire pa dzanja lawo: mapepala olowera m'dziko la eni ndi udindo wa wokwera.

Sutikesi yawo, ya zitenje ndi mankhwala osambitsira mwana, inalemera makilogalamu 22, ndipo inaloledwa. Ikutsetsereka pa lamba, inatsanzika mwaulemu kuti iyo ilibe mlandu, ikapereka moni.

Amene ankakolopa thopelo anali amuna awo a Lufeyo, omwe anamwalira pa 2 Ogasiti 2016. Anali atavala suti yomwe anaikidwa nayo. Mayiwo sanadabwe kuwaona.

"Amake Ndaziona, onyamula maliro safunsa mapepala," anatero. "Amakufikitsa pachipata, iwo n'kubwerera kukadya. Pitani pa khomo lachinayi."

Khomo lachinayi linali lagalasi, ndipo kuseri kwake kunali chipinda cha Ndaziona. Iye anali m'tulo, atatsamira khoma. Khanda linali chagada pa bedi, lopanda thewera, mchombo wakuda ukulendewera pa kaulusi kamodzi. Kuchokera pa galasi kufika pa bedi anali mapazi atatu basi. Mayiwo anagogoda. Galasi silinamveke.

Mtsikana uja anali ataima kumbuyo kwawo, nkhope zonse ziwiri zikuyang'ana kumodzi. Ananena mofatsa kuti kampani ikanyamula munthu wopanda viza imalangidwa, komanso imamubweza pa ndege yomweyo, n'chifukwa chake imasamala kwambiri.

"Ndiye kuti mumadziwa," anatero Mayi Chikadza.

"Timadziwa, mayi. Koma timadziwa pa tsiku lonyamuka."

Mayiwo anayang'ana pa mkono wawo. Mphutsi zinali zitafika m'chigongono. Anazisasa, zinagwera m'thope, n'kuyambanso kundandalika ndime yomwe ija. Mkati muja khanda linaponda mwendo, kaulusi kanatalika.

Anadzidzimuka basi ikuima pa Nathenje, nthawi ili 11:52. Ndege inali ya 3 koloko masana. Anatulutsa pasipoti m'chikwama n'kutsegula masamba onse, limodzilimodzi, osanyambita chala. Onse anali oyera.

Pa foni panali uthenga wa Ndaziona, wotumizidwa 11:31: "Amayi, wayamba kulendewera. Mufika liti?"

Mayi Chikadza ananunkhiza zala zawo, n'kuzipukuta pa chitenje. Kondakitala anamenya chitseko, basi inapitiriza ulendo wa ku Lilongwe.