Bokosi Lili M'ndege, Mpando Palibe

Profira Lupascu anafika mochedwa pamzere wa ndege yopita ku Iasi, kwawo ku Romaniya, koma sikuti unali ulesi. Kuyambira m'mawa anali kuseri kwa bwalo la ndege la ku Torino, kushedi ya katundu, ataima pafupi ndi bokosi la amuna ake. A Toader anagwa pansanja akumanga nyumba ya eni, ndipo tsopano ankabwerera kwawo atakhomeredwa m'bokosi, pakati pa makatoni a zitsulo. Kwathu maliro sasiyidwa okha mpaka atalowa m'manda. Wina amayenera kukhala pambali, ngakhale angokhala duu. Choncho Profira sanasunthe mpaka anyamata a ngolo atalitenga bokosilo kupita nalo kundege. Apo m'pamene anathamanga.

Mtsikana wa pakauntala, Mtaliyana wa yunifomu yositidwa bwino, anayang'ana tikiti, n'kuyang'ana kompyuta, n'kumeza malovu.

"Pepani mayi, ndege yadzaza."

"Yadzaza bwanji? Tikiti si iyi? Ndinalipira ine."

"Munalipiradi. Koma kampani inagulitsa matikiti ambiri kuposa mipando. Ofika pomalizira ndi amene amatsala."

Eni ndege amatero. Amagulitsa mpando umodzi kwa anthu awiri, n'kumapemphera kuti mmodzi adwale kapena agonereze. Masiku ena zimawayendera. Koma ili linali Sabata Loyera, ndipo palibe Mromaniya amene amagonereza Pasaka ali pakhomo.

"Musadandaule, muli ndi ufulu wanu," anapitiriza mtsikanayo ngati akuwerenga pabolodi. "Tikupatsani malo pandege ya mawa, chakudya, pogona, ndi ndalama za chipepeso. Ndi lamulo limenelo."

"Mwanangu, amuna anga ali m'ndegemo."

"Ndiye aimbireni atsike, mupitire limodzi mawa."

"Ali pansi. Kokhala katundu."

Mtsikanayo anagwira pakamwa. Anaimba foni uku ndi uku, nkhope itafiira, koma yankho linali limodzi: mapepala a maliro anadindidwira ndege yomweyi, ndipo bokosi silingatsitsidwe. Chinatsala n'chimodzi. Lamulo lomwelo limati asanamusiye munthu, ayambe afunsa ngati alipo wodzipereka kutsala. Anali atafunsa kale osapezeka aliyense, koma anamugwira dzanja Profira n'kupita naye kukhomo lokwerera kuti akafunsenso.

Kumeneko kunali anthu akwathu okhaokha: amisiri a manja okakala ndi simenti, amayi osamalira nkhalamba za eni, aliyense atakumbatira chikwama chotupa ndi mphatso. Mtsikanayo analengeza kuti wotsala alandira ndalama ndi hotela.

"Hotelayo akagonemo abwana ako!" anakuwa bambo wina wadazi. Anthu anaseka.

Kenako Profira analankhula yekha. Sanali munthu wopemphapempha.

"Abale anga, amuna anga amwalira. Bokosi lili m'ndegemu. Ndikupempha mpando umodzi, asapite okha."

Kuseka kunatha. Ena anachita chizindikiro cha mtanda, ena anaweramira mafoni awo. Bambo wadazi uja anavula chipewa chimene anali atangovala, n'kunong'ona kuti mayi ake ali m'chipatala ndipo madokotala sakulonjeza za mawa. Mnyamata wina anati ukwati wake ukudikira iye. Tisawaweruze. Aliyense pamenepo anali atawerenga miyezi kuti afike pa tsiku limeneli, ndipo m'chikwama chilichonse munali munthu wodikira. Koma Profira panthawiyo anawada onse, ndipo anachita manyazi kuti akuwada.

Pamzerepo panatuluka mayi wojintcha wa tsitsi lopaka zofiira, mwendo wa chidole ukusuzumira m'chikwama chake.

"Achemwali, ine ndine Zamfira, ndipo sindinama. Mpando wanga sindikupatsani. Mwana wanga ndinamusiya akukwawa. Lero akuthamanga, ndipo amanditchula kuti azakhali a pafoni. Abwana andipatsa masiku owerengeka. Mundide ngati mukufuna."

Kenako Zamfira anafunsa:

"Dzina lawo ndani malemuwo?"

"A Toader."

"Akawalandira ndani uko?"

"Alamu anga. Koma akuchokera kumudzi ndi galimoto yobwereka. Ndinawauza asafulumire poti ine ndikhala ndilipo."

"Amuna akauzidwa kuti asafulumire amafika mawa," anatero Zamfira. "Tandipatseni nambala yanu. Fulumirani, akutseka."

Anailemba padzanja, osatsanzika n'komwe, n'kulowa.

Profira anaima pazenera lalikulu mpaka ndege inanyamuka. Zaka zonse za ukwati wawo a Toader ankaopa ndege. Ikamanyamuka ankamufinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi, kwinaku akunamizira kuti akumulimbitsa mtima iye. Lero anali mumdima, pamalo ozizira, popanda dzanja loti agwire. Zimenezi n'zimene zinamuliza, kuposa imfa yeniyeniyo.

Mtsikana uja anabwera ndi pepala la chipepeso ndi khadi yogulira chakudya. Nayenso maso anali ofiira. Profira anasaina osawerenga. Kuhotela anakana kupita. Anakhala pampando wachitsulo moyang'anana ndi pamene panali ndege, anthu a maulendo ena akumudutsa ndi masutikesi awo. Anaimbira alamu ake, foni osagwira, monga mwa masiku onse m'mapiri a kwathu.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Nambala inali yachilendo.

"Achemwali, ndine uja ndinakumanani mpando." Mawu a Zamfira ankamveka ngati ali m'chinyumba chachikulu chopanda kanthu. "Tafika. Ndili kushedi ya katundu. Alonda amafuna kundibweza, ndawafunsa ngati iwo anabadwa kumtengo. Andilowetsa."

"Nanga mwana wanu?"

"Ali pompano, anabwera ndi agogo ake kudzandichingamira. Akundiyang'ana ngati wokhometsa msonkho, koma chidole walandira. Wadazi uja anali nafe, waima pang'ono n'kuthamangira kuchipatala. Alamu anu sanaoneke. Ife sitichoka mpaka abwere, ngakhale basi itisiye."

Profira anayesa kuthokoza, koma anangoyamba kulira.

"Musalire, mundiliza nane, ndipo ndadzola zam'maso zodula. Tamverani. Ine bambowa sindiwadziwa, ndasowa chowauza. Ndawauza za mitengo ya mazira basi. Ndikuika foni pabokosi. Lankhulani nawo."

Kunamveka kugogoda pang'ono, foni itakhudza thabwa. Kenako zii.

Profira anadzuka. Anakonza mpango wake wakuda kumutu, n'kupukuta nkhope ndi chikhatho. Pakati pa anthu othamangira ndege zawo, anagwira foni ndi manja awiri.

"Bambo a Ilinca," anatero, kuwaitana amuna ake ndi dzina la mwana wawo monga mwa nthawi zonse, "ndine. Mwayenda bwanji?"