Misomali ya Rozi

Ine miyendo yanga siidziwa kukhala. Chaka chatha inandifikitsa ku Mlonyeni dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinapatukira pakhomo lina kukapempha madzi akumwa. Madziwo sindinawaone msanga, chifukwa anthu onse pamenepo anali atayang'ana kumwamba.

Padenga la malata panali munthu wamwamuna, atagwada pambali pa sola. Pansi, mwamuna wina wamfupi, wa khosi lonenepa, anali atachotsa makwerero n'kuwagoneka pansi, phazi lake lili pamwamba pake.

Mayi wina amene ndinaima naye pafupi anandinong'oneza nkhani yonse. Wapadengayo anali Cyprian, mkamwini wa pamudzipo, kwawo ku Kamwendo. Mkazi wake Rozi anamwalira dzinja lapitalo, ndipo tsiku limenelo akuchikazi amamusudzula kuti azibwerera kwawo. Wamakwereroyo anali Gerald, mlongo wake wa malemuyo.

Pamudzi umenewu pali lamulo lawo lakalekale. Mkamwini akamachoka, amatenga chilichonse chongomangirira kapena chongoika. Chokhomera ndi msomali n'cha nyumba, ndipo nyumba ndi ya akuchikazi. Cyprian lamuloli ankalidziwa bwino. Pamene boma linabweretsa ndondomeko yotsitsa mtengo wa sola, banja limodzi sola imodzi, iye analembetsa. Amisiri atabwera kudzaiika, anawaletsa kukhoma. Anati angoimanga ndi waya. Akuti Rozi tsiku limenelo sanalankhule naye mpaka dzuwa kulowa.

Tsono sola imeneyo ndiyo yokha imene Cyprian akanatuluka nayo m'banja la zaka zonsezo. Kwawo munda anagawana abale ake kalekale. Iye ankati akakafika pa Kamwendo azikameta anthu ndi kutchaja mafoni. Ina yotsika mtengo sakanaipezanso, poti dzina lake linadya kale.

"Alamu, bwezerani makwerero!" anakuwa Cyprian. "Malatawa akuotcha!"

"Aotche," anayankha Gerald. "Munakwera ngati mbala anthu tisanasonkhane. Mwayesa sitinaone pulayazi ili m'thumbamo?"

"Ndi yodulira waya."

"Waya kapena misomali?"

"Inu simukudziwa kuti ndinamanga ndi waya? Mudzi wonse unandiseka."

"Unakusekani zoona. Munthu kukwatira koma chikwama chili pakhomo ngati tenanti wa ku esiteti. Tiuzeni tsono, mwapeza chiyani kumeneko? Bwanji mwangoti duu?"

Apa m'pamene ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Cyprian sanali kudula kanthu. Dzanja lake linali pangodya ya sola, likusisita chinachake. Kuchokera pansi palibe amene akanaona chimene chinalipo. Denga linali lalitali, ndipo solayo inapendekera mbali ya kumunda.

Kumadzulo, cha ku Zambia, mitambo inali itada bii. Mphepo inayamba kukukuta malata. Anyamata awiri a kuchikazi anasendera pafupi ndi khoma, wina atagwira mpini wa khasu. Mng'ono wake wa Cyprian, amene anabwera ndi njinga kudzanyamula katundu, anaisiya njingayo kugwa n'kuvula jekete.

"Achimwene, dulani mutsike nayo!" anatero mng'onoyo. "Akatikhudza aona."

"Ukaone kwanu," anatero wa mpini uja. "Pano wabwera ndi miyendo iwiri, usamale pobwerera."

Gerald anandiona ine. "Inu madala, ndinu mlendo, mulibe mbali. Ndiimika makwererowa mukwere mukationere."

Ndinamuuza kuti mawondo anga anasiya kukwera zinthu kalekale, ndipo ndikagwa adzakhala ndi maliro a munthu wosadziwa kwawo. Palibe anaseka.

Cyprian anatulutsa pulayazi ija. Tonse tinaiona ikunyezimira. Anaiika pangodya paja, nakhala choncho osafinya. Akanazula mwakachetechete, n'kuponya chozulacho kuseri m'chimanga, ndani akanadziwa? Madontho oyamba a mvula anayamba kulira pamalata.

"Alamu," anatero Gerald, mawu atatsika, "ndikufunsani komaliza."

Cyprian anabweza pulayazi m'thumba.

"Waya wanga ulipo," anatero. "Koma pali misomali. Ngodya zonse. Yopindira kumanzere."

"Wabodza iwe, wakhoma ndani?" anakuwa mng'ono wake, ngati kuti mkulu wakeyo ndiye mdani.

"Pamudzi pano wamanzere anali mmodzi," anayankha Cyprian.

Pakhonde panali mayi wachikulire, akusenda mtedza m'lichero. Anali Dyna, mkulu wake wa Rozi. Anaika lichero pansi.

"Rozi makwerero ndinamugwirira ndine," anatero. "Inu alamu munali mutapita ndi fodya ku okushoni. Anakwera yekha, hamala m'chitenje, chifuwa chija chitamuyamba kale. Ndinati, iwe Rozi ugwa. Iye anati, bambo awa akadzafuna kuchoka, adzayambe alimbana ndi misomali yanga."

"Basi nkhani yatha," anatero Gerald. "Sola ndi ya nyumba. Atsike azipita."

"Gerald, kusudzula munthu kumachokera kwa ife amayi, osati kwa iwe. Ine ndinati ndione kaye. Akanazula, ndikanamuperekeza ndekha mpaka pamsewu, ndi sola yakeyo pamutu. Imika makwererowo."

"Achemwali, mwambo umati..."

"Mwambo umati chokhomera chimatsala. Imika."

Gerald anaimika, koma sanawagwirire. Ndinagwirira ndine. Cyprian anatsika mvula ikumukhuthukira, mawondo a thalauza atada ndi dzimbiri. Anaima pakati pa bwalo, manja ali lende. Mng'ono wake anali atadzutsa njinga, akumudikira.

"Kaya mukhala kaya mupita, n'zanu alamu," anatero Dyna. "Koma batire ya solayi aliyense pano amaiopa kuigwira."

Cyprian anayang'ana njinga, anayang'ana denga. Kenako anamasula chikwama chake pakaliyala n'kulowa nacho m'nyumba. Posakhalitsa babu la pakhonde linayaka, usana womwewo.

Madzi aja anandipatsa Gerald, m'kapu yosatsuka.