Wachedwa Ndine

Imrani anali atagwada pansi pa tebulo, akuzula mawaya a kompyuta mmodzimmodzi ngati munthu wozula chinangwa. Shamsa, mlamu wake, anaima pakhomo la chipindacho atakumbatira katoni. Amuna ake anamutuma kukaitenga ndipo anaitengadi, koma sanalowe nayo.

"Ikani pansi katoniyo, amake Ridhiwani," anatero a Yakubu, amuna ake, ali kumbuyo kwake. "Chinthu chimenechi chisagone m'nyumba muno lero."

"Sadaka tachita dzulodzuloli. Mabulangete a alendo sitinapinde n'komwe. Changuchi n'chachiyani?"

"Chinatilanda mwana ndi chimenechi. Mphumu inangobwera kudzamaliza."

Ridhiwani, mwana wawo yekhayo, anabanika ndi mphumu m'bandakucha ndipo anatsirizikira m'galimoto ya aneba akuthamangira naye kuchipatala. Mwa mwambo wa Chisilamu anamuika tsiku lomwelo, pemphero la swala ya masana litangotha. Azibambo ananyamula thupi pa jeneza nkumapita, Shamsa nkutsala pageti pamodzi ndi amayi anzake, akuyang'ana misana ya anthu mpaka inakhota pakona.

Kompyutayo payokha sinkamukhudza. Chinkamudya mtima chinali chiweruzo chomwe inkatuluka nacho m'nyumbamo, chakuti mwanayo anawataya makolo ake kalekale akadali moyo. Ndipo Shamsa ankaopa kuti mwina n'zoona. Mnyamatayo ankati akaweruka kokonza mafoni ku Town Centre, nkudya choimirira, nkulowa m'chipinda, kenako nkumakuwa ndi anthu osaoneka. Ukamulankhula m'Chichewa, ankayankha m'Chishona monga amachitira ana onse a m'dera lawo la Unit O. A Yakubu, omwe bambo awo anachokera ku Nkhotakota kudzakhala m'dziko la eni limeneli, zimenezi zinkawawawa kuposa dzino. Ankati mwana amene wataya chilankhulo cha agogo ake sangazengereze kutayanso eni ake.

"Tisvikewo!" anaodira munthu kugeti.

Shamsa anasuzumira pawindo. Anali awiri mwa anzake a Ridhiwani omwe ankasewera nawo masewera a pakompyuta: mtsikana wamfupi wa tsitsi lometa, ndi mnyamata wamtali wowerama ngati akupepesa chifukwa cha kutalika kwake.

"Abweranso?" anatero a Yakubu. "Imrani, kawauze kuti manyazi amagulitsa kumashopu a ku Huruyadzo, akagule."

Mkwiyowo unali ndi pochokera. Kumanda anzakewo sanaonekeko ndi mmodzi yemwe. Anatulukira m'mawa mwake anayi, atanyamula mabulangete ogonera pamaliro, poganiza kuti thupi likadali m'nyumba monga zimakhalira kwawo, kumene maliro amagona masiku. Imeneyo a Yakubu akanatha kuikhululukira. Koma anawo anafola mzere, aliyense nkugwira dzanja la bambo wofedwayo nkunena momveka bwino m'Chichewa kuti, "Wachedwa ndine." Woyamba, wachiwiri, mpaka wachinayi, ngati sewero lokonzekera. A Yakubu anabweza dzanja lawo. Anati mwachedwadi, tamuika dzulo, tulukani pakhomo panga.

Imrani asanadzuke, Shamsa anaika katoni pansi nkutuluka yekha. Moyo wake wonse anali asanatsegulirepo geti munthu amene amuna ake anamuthamangitsa, koma tsiku limenelo loko anamutsegula.

Mtsikanayo anagwada nkuwomba m'manja. Anati dzina lake ndi Shamiso, mnzakeyo ndi Kudzaishe. Ankalankhula Chishona, ndipo Shamsa, wobadwira m'dera la St Mary's, anawayankha m'Chishona momwemo.

"Mhamha, sitikhalitsa," anatero Shamiso. "Tikungopempha mutilozere pamene Ridhi wagona. Komanso mutiuze chimene tinalakwa tsiku lija. Sitikugona nazo."

"Simukudziwa? Munthu waika mwana wake, inu nkubwera kudzamuseka?"

"Kuseka?" Kudzaishe anatong'ola maso. "Ife tinapepesa, mhamha. Tinapepesa m'chilankhulo chanu."

"Mawu aja mumati akutanthauza chiyani?"

Awiriwo anayang'anana. "Si mmene mumanenera munthu akafa?" anafunsa Shamiso. "Ife timati ndine urombo. Ridhi amati wachedwa ndine. Tinkamva ndine yemweyo, ndiye tinkati wachedwa ndi chisoni cha Chichewa. Mmodzi wa ife akangofa, iye amanena zimenezo."

"Akafa? Ndani anafa?"

"M'masewera, mhamha."

Shamsa anatembenuka nkuti, "Lowani. Mundionetse."

A Yakubu atawaona akuvula nsapato pakhonde, anatsegula pakamwa, koma Shamsa anawatsogolera. "Bambo a Ridhiwani, kumanda sindinapite. Kumene mwana wanga ankakhala ali moyo nakonso mundiletse? Alamu, bwezerani mawayawo."

Imrani anayang'ana akulu ake. Akuluwo anayang'ana kudenga. Imrani anagwadanso, uku akung'ung'udza kuti akanadziwa akanayamba wamwa tiyi.

Kompyuta itayaka, Kudzaishe anakhala m'mphepete mwa mpando, osayerekeza kutsamira. Pagalasi panaoneka tauni yafumbi yopanda anthu, ya makoma achikasu ndi tinjira topapatiza. Patsogolo panali manja awiri atagwira mfuti. Shamsa anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Timasewera asanu kulimbana ndi asanu," anatero Kudzaishe. "Tauniyi ili ndi mabwalo awiri. Ena amalondera mabwalowo, ena amabwera kudzalanda limodzi. Ukafa umadikira mpaka chigawo chithe, sungathandizenso anzako. Ndiye aliyense ayenera kunena msanga pamene waona mdani. Vuto linali lakuti mipikisano yathu imachitikira m'shopu ina ku Huruyadzo, matimu awiri m'chipinda chimodzi. Ukakuwa m'Chishona kapena m'Chingerezi, adani amva zonse."

"Ndiye Ridhi anati tiphunzire chilankhulo cha kwawo," anatero Shamiso. "Malo onse anawapatsa mayina."

Kudzaishe anayendetsa munthu wa pagalasiyo. "Apa ndi pakhonde. Uku ndi kuseri. Dzenje ili ndi chitsime." Mawu a Chichewawo ankatuluka opindika m'kamwa mwake, koma ankamveka. "Kumanzere, kumanja, dikira, thawa, bwera msanga. Amatikhazika pansi ngati ana a giredi wani. Ukalakwitsa katchulidwe amakubwezera mpaka ukhoze."

Shamsa anagwira nsonga ya mpango wake nkuiluma. Mwana yemwe ankayankha m'Chishona kuti hongu akamuitana, kunja ankaphunzitsa anthu Chichewa.

Munthu wa pagalasi uja anakankha chitseko chachitsulo, ndipo chinalira mokwiyitsa.

"Ichi amachitcha chiyani?" anafunsa Imrani, yemwe tsopano anali ataiwala za tiyi.

Kudzaishe anakanda m'mutu nkuyang'ana kukhomo kumene a Yakubu anaima atapinda manja. "Amati ndi Abambo. Akuti sungadutse iwo osadandaula."

Imrani anaphulika kuseka, nkudzigwira pakamwa mochedwa. A Yakubu anakhosomola, koma sanachoke.

"Pamene pamavuta ndi apa," anatero Shamiso, akuloza kanjira kolowera m'bwalo. "Adani amabisala mbali zonse ziwiri. Timaponya utsi kuti wa pamwamba asaone, kenako wina ayenera kulowa woyamba. Woyambayo ndi ine. Nthawi zambiri woyamba amafa, mhamha, ntchito yake ndi yomweyo. Chofunika n'chakuti wachiwiri akhale pamsana pake penipeni. Mdani akamaombera ine, wachiwiri amuone nkumugwetsa, kuti imfa yanga isapite pachabe. Wachiwiri palibe amamuombera m'manja. Anthu amafuna kukhala woyamba kapena wa mfuti yoonera patali. Ridhi ankaposa tonse kulondola, koma anasankha kukhala wachiwiri. Amatiletsa kuyenda wekhawekha. Anali ndi mwambi wake, amati kuyenda awiri..." Anaima, akufunafuna mawu.

"Si mantha," anamaliza a Yakubu ali kukhomo, mawu ali pansi.

Unali mwambi wawo. Ankaunena akamakakamiza mwanayo kuwaperekeza kumzikiti, iye akukoka miyendo ngati sakumva.

"Ndikafa ine asanafike," anapitiriza Shamiso, "kapena wina aliyense akafa, ngakhale atafera kutali chifukwa cha kupusa kwake, Ridhi amanena mawu aja. Matimu ena amatukwanizana, ena mpaka kumenyana panja. Ife sitinakanganepo. Akangoti wachedwa ndine, mtima umakhala pansi, nkuyambiranso. Ndiye tinagwirizana kuti pamaliro ake tidzanene mawu akewo, kuti makolo ake adziwe kuti anatiphunzitsa ulemu wa kwawo."

Shamsa anakhala pabedi.

"Si chisoni, mwanangu. Kuchedwa m'Chishona ndi kunonoka. Amati wanonoka ndine. Amati cholakwa n'changa."

Nkhope ya Shamiso inaphwasuka. "Nthawi zonsezo? Ine ndinkalowa osamudikira, mhamha. Amandiuza kuti dikira, ine nkuthamanga. Sanachedwepo iye. Sanachedwepo ngakhale kamodzi!"

Analira mokweza, mopanda manyazi, kulira kumene anakusunga chithamangitsidwire. Shamsa anamukokera pachifuwa pake, ndipo nayenso analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa pageti kuja. Kuja ankalira mwana amene anamubereka. Apa ankalira munthu amene ankakhala naye nyumba imodzi osamudziwa, ndipo kumeneku kunali kowawa kwambiri.

A Yakubu anayenda mpaka patebulo. Anayang'ana tauni yafumbiyo ngati akufuna kupezamo munthu. "Imrani," anatero, "mawa m'mawa uwatenge anawa, pamodzi ndi anzawo aja, tipite kumanda. Ndidzatsogolera ine." Za katoni sananene kanthu. Anatuluka, ndipo chitseko cha kuchipinda kwawo chinatsekeka pang'onopang'ono.

Alendo aja akutsanzika, Shamsa anatola mahedifoni omwe Imrani anawaponya pabedi, kuti awapachike pamsomali pake. Anaona kuti khutu lakumanja linali lotha, chikopa chitasupuka ndi thukuta, pamene lakumanzere linali ngati logula dzulo.

"Lakufa ili?" anafunsa.

"Ndi lamoyo," anatero Kudzaishe, akupukuta mphuno. "Samalivala. Amalikankhira kumbuyo kwa khutu. M'masewerawa umafunika makutu onse awiri kuti umve mapazi a mdani, ndiye obwera chakumanzere amamupha ngati nkhuku. Tinamukalipira mpaka kutopa. Amangoti amayi ali ndi BP, akagwa kukhitchini ndani amve?"

Shamsa anayang'ana mmene tebulolo linakhalira. Munthu ataima pakhomo ankaona mbali yakumanja yokha ya wokhala pampando. Kumanzere kunali khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kunali khitchini yake. Zaka zonsezi iye analeka kumuitana akavala mahedifoni, poganiza kuti sangamve. Ndipo m'khitchini momwemo ndi mmene iye ndi amuna ake ankakhala madzulo nkumadandaulirana za mwana wotayika.

Imrani anawaperekeza alendowo kukakwera kombi. M'nyumba munatsala zii.

Shamsa anakhala pampando wa mwana wake. Anavala mahedifoniwo mosazolowera, pamwamba pa mpango, nkukankhira lakumanzere kumbuyo. M'khutu lakumanja munkawomba mphepo ya m'tauni yopanda anthu ija. Lakumanzere analipendekera kukhoma. Anamva mpopi ukudontha m'beseni. Anamva chivindikiro cha ketulo chikugwedera pambaula. Ndipo chapatali pang'ono anamva amuna ake akulira motsitsa, mosamala, monga amalirira munthu wokhulupirira kuti palibe akumumva.

Zonse zinkamveka bwinobwino.