Chitseko cha Kumanzere

A wailesi ya kanema atandiimbira kuti ndiwakonzere pulogalamu yofananitsa mafilimu a abale awiri aja, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Mlandu suola. Wangawu ndinali nditausunga zaka makumi atatu ndi zinayi.

Abale awiriwo ndi amuna anga ndi mkulu wawo. Onse ndi otsogolera mafilimu otchuka, koma kutchuka kwake n'kosiyana. Wamkuluyo, amene pamaso ndimati alamu koma mumtima ndimangoti Chipewa monga amamutchulira aliyense, savula chipewa ngakhale pamaliro. Ali ndi mafilimu makumi atatu ndi imodzi, odzaza ndi magalimoto ogubuduzika, maukwati osokonekera ndi anthu olira mokuwa. Amuna anga ali ndi asanu ndi awiri okha, oyenda pang'onopang'ono, amene ophunzira amaonera cholembera chili m'manja. Onse asanu ndi awiriwo ndinawadula ndi kuwalumikiza ndine, ndiyo ntchito yanga. Lero amuna anga amangokhala pampando pabalaza. Sitiroko inawalanda mawu ndi dzanja lamanja zaka zitatu zapitazo.

Nkhani ili pa filimu yoyamba ya Chipewa, Mpando Wachitatu, imene inamupatsa mphoto ndi dzina. Sanaitsogolere iye. Ndinalipo, ndili mtsikana wongoyamba ntchito. Amene ankauza osewera poima ndi wa kamera poloza anali amuna anga, pamene Chipewa ankayendayenda kukopa anthu oti athandize ndi zipangizo. Sabata yolemba mayina kumapeto kwa filimu, amuna anga anagonekedwa m'chipatala. Potuluka anapeza dzina la mkulu wawo lili pamwamba, lawo lili pansi penipeni, pa ogwira nyali.

"Zisiye, ndi mkulu wanga," anandiuza.

Iwo anazisiyadi. Ine ayi. Ndinamuona Chipewa akudya thukuta la mng'ono wake chaka ndi chaka, akunenepa nalo mpaka khosi kusowa. Amuna anga atasiya kulankhula, iye pakamwa panakula. Anauza mtolankhani wina kuti mng'ono wake anaphunzira ntchito pomunyamulira mawaya. Nyuzipepala imeneyo ndinaipinda bwinobwino n'kuiika m'dirowa.

Umboni wolembedwa ndinalibe. Koma wolumikiza filimu amaona chithunzi chilichonse kambirimbiri, ndipo amadziwa zimene olemba ndemanga saziona. Iwo amalemba za nkhope ndi za bata. Palibe amene anawerengapo zitseko. M'filimu iliyonse ya amuna anga, chipinda chikaoneka, chitseko chimakhala kumanzere, chotsegula. Ojambula mawu ankadandaula kuti phokoso la panja likulowa, koma amuna anga sankamva. Kunyumba kwathunso palibe chitseko chimene chimatsekedwa iwo ali m'katimo, ngakhale cha kubafa. Chikatsekeka mpweya umawathera. Chifukwa chake sanandiuzepo, ndipo ndinaleka kufunsa.

Ndinapempha mkulu wa pulogalamu kuti mafunso ndilembe ndine. Tsiku lojambula ndinakhala kuseri kwa galasi, mahedifoni ali m'makutu. Chipewa anafika atavala suti yoyera, n'kudzikhazika pampando ngati situdiyo ndi yake. Mafunso asanu ndi atatu oyamba anali omusisita. Anatchula mafilimu ake onse motsatana, ndi chiwerengero cha anthu amene anaonera iliyonse. Za mng'ono wake anati, "Ali ndi luso ndithu, koma mafilimu ake ndi mankhwala a tulo." Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mtsikana wofunsa mafunso anawerenga lachisanu ndi chinayi monga ndinalilembera. "Mng'ono wanu amakonda kusiya chitseko chotsegula pojambula. Inunso mumatero?"

Chipewa anaseka mpaka kukhosomola. "Ulesi umenewo! Ine chiyambire ntchito sindinajambulepo chipinda chitseko chili pululu. Ngakhale kamodzi. Mukachipeza m'filimu yanga, ndidzavula chipewachi pamaso pa anthu."

Kuseri kwa galasi ndinamwetulira ndi chisangalalo. Inde, chisangalalo, sindibisa.

Ndinagwira ntchito masiku khumi ndi awiri m'kachipinda kanga ka kompyuta. Ndinayamba ndi mawu ake aja. Kenako mafilimu ake makumi atatu, chipinda ndi chipinda, zitseko zonse zili gwa. Kenako asanu ndi awiri a amuna anga, chitseko cha kumanzere chili chotsegula. Pomaliza Mpando Wachitatu, zipinda makumi anayi ndi ziwiri, chilichonse chitseko kumanzere, chotsegula. Sindinaikepo mawu ofotokoza kapena nyimbo. Ndinangobwezeranso nkhope yake ikuseka, ikuti, "Ngakhale kamodzi." Mkulu wa pulogalamu ataonera anati tiulutsa Lamlungu.

Mwaulemu, a wailesi anatumizira abale onse awiri kuti aonere isanatuluke. Amuna anga ndinawaonetsa ndekha. Anaonera mpaka kumapeto osaphethira, kenako anayang'ana pawindo.

Lachinayi masana Chipewa anatulukira kwathu, koyamba chidwalire mng'ono wake. Analowa pabalaza osaodira, n'kukankha chitseko kumbuyo kwake mpaka chinati phwa. Amuna anga anayamba kubanika, dzanja lamanzere likukanda mpando. Ndisanadzuke n'komwe, Chipewa anali atatembenuka kale. Anatsegula chitseko, n'kuvula nsapato imodzi n'kuchitchinga nayo kuti mphepo isachibweze.

"Basi, basi, chatseguka," anatero motsitsa mawu. "Puma, mphwanga."

Ndinamuyang'ana. "Kani mumadziwa, alamu?"

Anakhala pansi, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. "Ndinamutsekera ndine m'kabati ya zovala. Anali ndi zaka zisanu. Tinkasewera, ndiye anzanga anandiitana ku mpira, ndinamuiwala mpaka amayi atabwera ku ntchito." Anapukuta thukuta. "Funso lija litabwera sindinaganize. Filimu ya Mpando Wachitatu sindinaionerenso chitulukire. Sindingathe."

"Koma mphoto yake mumatha kuipukuta fumbi."

"Mlamu, chotsani gawo limenelo. Ndakalamba. Ana anga ayenda bwanji mumsewu? Adzukulu anga kusukulu? Taonani, ndavula." Anachotsa chipewa n'kuchiika pamaondo. Mutu wake unali waung'ono, wadazi, wotuwa. Zaka zonsezi ndinali ndisanauonepo.

"Munalonjeza kuvula pamaso pa anthu," ndinatero. "Muno muli ine ndi munthu amene munamulanda. Kavulireni pa kanema."

Anatembenukira kwa mng'ono wake. "Iwe, muuze mkazi wako. Ndapota nawe."

Amuna anga ali ndi chizindikiro chimene tagwiritsa ntchito moyo wathu wonse m'chipinda cholumikizira mafilimu. Akafuna kuti gawo lichoke, amakweza zala ziwiri n'kuzitseka ngati sizasi. Sankafunika kufotokoza, ndipo ine sindinatsutsepo. Ndachotsapo zithunzi zokongola zimene ndinazilirira, chifukwa cha zala ziwirizo.

Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Anandiyang'ana m'maso. Zala ziwiri zinatseguka, n'kutsekeka. Anabwerezanso kachiwiri kuti ndisanamizire kuti sindinaone.

Mtima unandipweteka, koma ukali unaposa. Munthu uyu anatsekeredwa m'kabati, anaikidwa pa ogwira nyali, anatchedwa wonyamula mawaya, ndipo ndi dzanja limodzi lomwe lamutsalira akutetezabe mkulu wake. Nanga ine, amene ndinameza zonsezi pambali pake, anandifunsapo ndani?

"Pepani bambo," ndinatero. "Iyi si filimu yanu. Ndi yanga."

Ndinatenga chikwama, ndinalumpha nsapato ya Chipewa pakhomo, n'kupita kukasaina kuti pulogalamu yatha.

Inaulutsidwa Lamlungu. Pofika Lachiwiri anthu anali akujambula zitseko za m'nyumba zawo n'kumatumizirana pa foni moseka. Chipewa sanavule chipewa pa kanema, anangosiya kutuluka m'nyumba. Patatha miyezi iwiri, bungwe losunga mafilimu linandilembera kuti lakonza mayina a Mpando Wachitatu. Ndinasindikiza chithunzi cha mayinawo, dzina la amuna anga lili pamwamba pa zilembo zikuluzikulu, n'kukachiika pa tebulo pafupi ndi mpando wawo.

Anachitembenuza chafufumimba ndi dzanja lamanzere. Kuyambira Lachinayi lija salandira kapu ya tiyi kuchokera m'manja mwanga. Ndimaiika pa tebulo, pambali pa chithunzicho, ndipo amadikira mpaka nditatuluka. Potuluka chitseko ndimachisiya chotsegula.